Gauni Yopsa Pamkono

Lolemba, 2 Juni

Adadi ayambanso. Akuti mwezi uno ukamatha ndikhale nditasiya ntchito ku situdiyo, ndikabwereze mayeso kuti ndipite ku koleji. Apo ayi, ndipeze kwina kokhala. Polankhula amaloza chithunzi cha achimwene cha pabalaza, chija anavala gauni ndi chisoti.

"Mkulu wako ndi manijala lero chifukwa cha icho. Iwe ukalamba ukuuza anthu kuti aseke."

Ndangoti ndamva. Koma abale, kujambula ine ndimakukonda.

Lachiwiri, 3 Juni



A Tasekani, abwana anga (dzinali tinawapatsa chifukwa ndi mawu okhawo amene amanena akagwira kamera), anandituma kukakonza kachipinda ka zovala zobwereketsa. Masuti, velo ya ukwati, mataye. Pansi penipeni ndapezapo gauni yakuda ya omaliza koleji, yopsa ndi ayironi pamkono wakumanzere.

Chipsera chimenecho ndikuchidziwa. Amene amapukuta fumbi pa chithunzi chija Loweruka lililonse ndine. Nditafika kunyumba ndinachiyang'anitsitsa, ndipo ndi chomwecho ndendende. Ngakhale mashelefu a mabuku ali kumbuyo kwa achimwenewo ndi katani yathu ya ku situdiyo yojambulidwa, ija timaipinda kuseri kwa chitseko. Mayo ine!

Lachitatu, 4 Juni

Ndawafunsa a Tasekani ngati nkhani wamba. Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti ambiri ovala gauniyo geti la koleji salidziwa n'komwe. Za kupsako akuti kalekale kunabwera mayi wina ndi mwana wake, n'kunena kuti gauni yakwinyika, mwana wake sangavale choncho. Anaisita yekha, n'kuipsereza.

"Analira mayi uja ngati wapsa ndi iyeyo."

Mayi wina? Ayi, sizingatheke.

Lachinayi, 5 Juni

Zatheka.

Ndinawapeza amayi akusita malaya a adadi. Ndinangoti, "Musapsereze pamkono." Anaimika ayironi, n'kukhala pansi. Kenako zonse zinatuluka. Achimwene anasiya koleji chaka chachiwiri, maphunziro a uinjiniya atawakanika, n'kuyamba ntchito yolembera katundu ku kampani ya malole. Nthawi imene anzawo ankamaliza, adadi anali m'chipatala ndi BP. Amayi anaopa kuti nkhaniyo iwatsiriza, basi anapita ndi achimwene ku situdiyo.

"Usawauze, mwanawe. Ukufuna kundisiya wamasiye?"

Ndiye ine ndithamangitsidwe pakhomo chifukwa cha katani? Ndakwiya koopsa, chakudya chomwe chandikanika.

Lachisanu, 6 Juni

Ndawaimbira achimwene. Poyamba amvekere, "Ndili mu miting'i." Nditatchula gauni, miting'i inathera pomwepo. Akuti kuntchito aliyense akudziwa kuti alibe digiri, anakwera chifukwa cha ntchito yawo, ndipo palibe amene anawafunsapo pepala. Dziko lonse likudziwa, kupatula munthu amene amanyadira kwambiriyo.

Ndati awauze okha adadi. Akuti ndiwapatse nthawi. Zaka zonsezi sinali nthawi?

Loweruka, 7 Juni

Sindinapukute chithunzi. Chidzipukute chokha.

Lamulungu, 8 Juni

Kunabwera alendo. Adadi anawaimika pa chithunzi monga mwa masiku onse, n'kumafotokoza za "injiniya wathu". Amayi amvekere ndi maso, chonde. Mawu anafika pakamwa, ndinawameza. Ndayamba kufunsa anzanga za chipinda cha lendi.

Lachiwiri, 10 Juni

Sindikudziwa ndiyambire pati.

Masana ndangoona adadi akulowa mu situdiyo, chikhalirecho sanapondemo. Akuti akufuna chithunzi cha chiphaso, koma ndikudziwa ankafuna kuona kumene mwana wawo akutayikira. Tsoka ilo, tinali titangomaliza kujambula mnyamata wina. Katani ya mabuku ili pakhoma, gauni ili pampando, mkono wopsa uja uli poyera. Ndinathamanga kuti ndiichotse koma anali ataigwira kale.

Anaitembenuza, n'kusisita chipseracho ndi chala. Anayang'ana katani nthawi yaitali. Ine ndinkangoganiza za mapiritsi awo amene ali kunyumba. A Tasekani, osadziwa kanthu, amvekere, "Imeneyo imakondedwa, bambo. Digiri ya mphindi zisanu!"

Adadi anakhala pansi pang'onopang'ono. "Amayi ako akudziwa?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera. Za amene anagwira ayironi sindinanene.

Ndimayembekeza kuti akalipa kapena agwa. Iwo anangovula jekete, n'kutambasula manja.

"Ndiveke. Paja kwathu timamalizira koleji kuno."

Ndinawaveka, chisoti chomwe. Ndinakonza magetsi, n'kuwatembenuza adadi pang'ono kuti mkono wopsawo ubisike, koma anaubweza kutsogolo. Misozi inali mbwembwembwe m'maso mwawo, ndipo kwa nthawi yoyamba a Tasekani sananene kuti tasekani.

Nditawaonetsa chithunzicho anachiyang'ana, kenako anayang'ana ine.

"Wajambula bwino. Uchiike mu fulemu, ubwere nacho kunyumba." Ali pakhomo anatembenuka. "Mawa ulowa ntchito nthawi yanji? Ndidzakudzutsa."