Nkhuku ya M'chipinda cha Matumba

Kalongwezi, Chipata
Lachitatu, 16 Julaye 2025

Okondedwa Asisi Olipa,

Pepani kuti ndikukuvutitsani ndi kalata pamene muli ndi zanu zambiri ku Lusakako. Ndikanayimba foni, koma mukundidziwa, pafoni mawu amandithera, ndipo zimene ndikufuna kunena sindingazinene mokweza m'nyumba muno. Kalatayi ndailemba kawiri, yoyamba ndang'amba. Ndiipereka mawa m'mawa kwa a Malcolm a kwathu aja oyendetsa basi.

Amayi athu ku Kasenengwa ali bwino, mwendo uja waleka kutupa. Ine thupi lili bwino, koma mtima ayi.

Mukudziwa kuti kwa a Tembo kuno ndagwira ntchito zaka zisanu. Sindinaswepo mbale, sindinawotchepo malaya a Bambo Tembo ndi simbi. Mu Meyi kunabwera Chisomo, mwana wa alongo awo a Amayi a pakhomo pano, wochokera ku Tamanda. Anamaliza Giredi 12, ndipo Amayi akumufunira malo ku koleji ya unamwino. Timagona chipinda chimodzi. Si mwana woipa, Asisi, ndisakunamizeni. Koma iye amadya patebulo, amalankhula Chingerezi ndi Bambo mpaka onse kuseka, ine ndikuimirira pakhomo la khitchini ndi jagi ya madzi. Miyezi iwiri yokha, nyumba yonse ikuitana Chisomo.

Mwezi watha mbava zinathyola nyumba ya aneba masana a Lamulungu, anthu ali kutchalitchi, nkunyamula matumba a chimanga. Bambo Tembo anati basi, tiike alamu. Lachinayi lapitali kunabwera a Goodson, bambo woika ma alamu, ndi makwerero awo. Anakhoma timabokosi toyera tating'ono ngati sopo pamwamba m'makona, kena pabalaza, kena m'khonde la m'kati, kena m'chipinda chimene timasungiramo matumba a chimanga ndi nshawa. Timabokosito amatitcha sensa. Anati kabokosiko kamamva kutentha kwa thupi loyenda, ndipo alamu ikakhala yotchera imalira, nkudziwitsanso alonda a kampani ndi foni ya Bambo.

Atamaliza kukhoma anati, "Tsopano tiyese. Ndikufuna mmodzi woyenda, wina aphunzire mabatani a rimoti."

Amayi sanaganize nkomwe. Anati, "Elesi ayende. Chisomo, bwera kuno uphunzire, iwe ndiwe wa sukulu."

Ndinayenda, Asisi. Kuchokera pakhomo kufika pawindo, kubwerera, kuima mpaka kanyali kofiira ka pasensa kazime, kuyambanso. Mofulumira, pang'onopang'ono, motsata khoma. Kuseri kwa chitseko cha pabalaza kanyali sikanayake, a Goodson anakwera nkupendeketsa kabokosiko pang'ono, ndinabwerezanso kanayi. Kenaka anati mbava zina zimakwawa, ndiye ndikwawe. Ndinagwada pansi pomwe ndinakolopa ndekha m'mawa, nkuyamba kukwawa.

Chisomo anaseka mpaka kugwira khoma. "Sisi Elesi, mbava yaulemu chonchi sindinaionepo! Mukukwawa ngati mukukapereka madzi kwa apongozi!"

Onse anaseka, ngakhale a Goodson. Inenso ndinamwetulira, poti nanga ndikanatani? Koma nditadzutsa mutu ndinaona rimoti ija m'manja mwake, atamangako kale kachingwe kofiirira koti azivala m'khosi. Zaka zisanu ine kiyi wa pageti yekha ndimachita kupempha.

Tsopano mvetsetsani apa, chifukwa ndi pamene pali tchimo langa.

Titafika m'chipinda cha matumba, a Goodson anatsegula sensa ya m'menemo nkutionetsa kabatani ka m'kati. Anati, "Aka ndikakasuntha, sensa imaleka kuona tinyama tating'ono, imangoona munthu. Koma ngati mulibe chiweto cholowa muno, ndikasiya momwemu kuti izimva chilichonse. Muli ndi mphaka? Galu?"

Chisomo anayankha msanga, "Tilibe, ankolo. Nkhuku zimakhala panja."

Sananame. Iye sadziwa. Windo la chipinda chimenecho ine ndimalisiya lotsegula pang'ono, danga longa chikhatho, kuti nshawa zisachite nkhungu. Zitsulo zilipo, munthu sangalowe. Koma nkhuku yathu ina yofiira imadutsa pakati pa zitsulozo cha m'ma teni koloko, nkukaikira kuseri kwa matumba. Dziralo ndimalitola tsiku ndi tsiku nkuliika pamodzi ndi ena m'khitchini. Palibe amene anandifunsapo kumene limachokera.

A Goodson anatembenukira kwa ine. "Nanga inu asisi, amene mumasesa muno, palibe chimene chimalowa?"

Ndinayang'ana pansi. Amayi anandiyankhira, "Musavutike naye Elesi, ndi wamanyazi, salankhula."

Asisi, tsiku limenelo sanali manyazi. Mawu anali pakamwa penipeni. Ndinaganiza kuti, wa sukuluyo wanena kuti palibe, ndiye palibe, aone yekha. A Goodson anatseka kabokosi kaja nkutsika.

Lachisanu ndi Loweruka alamu sinatcheredwe masana poti tinali pakhomo. Lamulungu ine ndinapita ku Misa, a Tembo anatsogola ku tchalitchi chawo, Chisomo anatsala kuti akiye ndi kutchera alamu. Panjira anakumana ndi mnyamata wina amene anaphunzira naye ku Tamanda, anaima kucheza, ndipo analowa m'tchalitchi mochedwa. Mayi wina wa chigwirizano cha amayi a mumpingomo anawaona.

Teni koloko itangopitirira alamu inalira. Bambo Tembo ndi mkulu wa mpingo, anali kutsogolo akuwerenga zolengeza, foni ikunjenjemera m'thumba. Anatuluka anthu onse akuwayang'ana. Anapeza galimoto ya alonda pageti, aneba atadzaza mumsewu, wina atanyamula mpini. Zitseko zinali zokiya, palibe chinasowa. Anaitcheranso nkubwerera kutchalitchi. Asanakhale pansi, inaliranso.

Ine nditabwera ku Misa ndinapita molunjika kuseri kwa matumba. Dzira linalipo, likadali lofunda. Ndinalibisa m'chitenje, ndinatseka windo mpaka kukhoma kachitsulo kake. Chiyambire pamenepo alamu sinalirenso.

Lolemba a Goodson anabweranso. Anandiyendetsanso m'chipindamo, kanyali kanayaka bwinobwino. Anayang'ana pafoni yawo nkunena kuti, "Amayi, makina alibe vuto. Kawiri konse ndi sensa ya muno. Munali chinthu chamoyo chikuyenda."

Apo nkuti mayi wa chigwirizano uja atafika kale ndi nkhani yake. Amayi anati, "Chinthu chamoyo chovala thalauzi! Chisomo, unamupatsa kiyi mnyamatayo kuti adzaone matumba? Kapena unamutsekera muno kuti uzimupeza ukabwerako?"

"Anti, ndikulumbira, tinangopatsana moni pamsewu!"

"Moni wa mpaka nyimbo yachitatu? Ndiye ndi mzukwa unalowa muno, eti? Mzukwa wokonda nshawa?"

Anamuvula rimoti ija m'khosi pomwepo nkundipatsa ine. Anati, "Tenga, Elesi. Ndinalakwa. Sukulu si khalidwe." Anatinso Loweruka likubwerali Chisomo akwere minibasi abwerere ku Tamanda, bambo ake auzidwa chifukwa chake, ndipo za koleji asazitchulenso. Bambo ake ndi aphunzitsi opuma, okhwima kwambiri. Ku Tamanda nkhani yotere siuma msanga.

Ndikuuzeni zoona, poti ndinu nokha. Ndinakondwa. Ndinalowa m'bafa, ndinaivala m'khosi nkudziyang'ana pagalasi. Mawu aja akuti sukulu si khalidwe ndinawabwereza mumtima tsiku lonse ndikuchapa. Ngakhale pano ndikulemba, ndikaganiza za iye atakhala patebulo ndi Chingerezi chake, nsanje imandigwira chimodzimodzi. Sindinachire.

Koma dzulo masana anandipeza ndikuitembenuza rimotiyo, osadziwa batani lake ndi liti. Maso ake anali otupa. Anakhala pafupi nane pakhonde nkunena kuti, "Bweretsani ndikuonetseni, Sisi, angakukalipireni. Ili la loko yotseka ndi lotchera, mudikire ilire kamodzi. Ili ndi lomasula, ilire kawiri. Lofiirali musalikhudze pokhapokha mutaona mbava." Anandibwerezetsa katatu mpaka ndinakhoza. Kenaka anafunsa, "Inu mukundikhulupirira, eti?" Ndinagwedeza mutu kuvomera. Nkhuku ija inali pomwepo patsogolo pathu, ikuzungulira pansi pa windo lotseka, ikufuna polowera.

Ndikanena, pali ziwiri. Mwina Amayi andichotsa ntchito, poti windo ndinatsegula ndine, ndinakhala chete pofunsidwa, ndinabisanso dzira, Bambo nkuchita manyazi pamaso pa mpingo. Kapena andikhululukira, ampepese Chisomo, rimoti ibwerere m'khosi mwake, ine ndibwerere pakhomo la khitchini ndi jagi yanga. Ndikuchita manyazi kulemba kuti chachiwirichi ndi chimene chikundiwawa kwambiri.

Ndaganiza zonena Lachisanu Amayi akabwera kusukulu kumene amagwira ntchito. Mawu ake ndawalemba pakapepala ndipo ndikuwaloweza, koma ndikudzidziwa, akangondiyang'ana ndiyang'ana pansi. Nchifukwa chake ndalembera inu, kuti pakhale munthu mmodzi wodziwa, ndisathenso kubisala kuseri kwa manyazi.

Mupereke moni kwa alamu anga ndi ana onse. Mwana wanu Mwayi mumuuze kuti nshawa zake ndamusungira. Chisomo wangolowa kumene kudzapinda zovala zake m'chikwama, wandiona ndikulemba, ndaphimba pepala ndi dzanja. Wati ngati pali mawu ovuta andithandize kulemba, ndakana. Watinso ndikupatseni moni, akuti mng'ono wanu wamusunga bwino ngati m'bale wake weniweni. Moniwo ndi umenewo, ndaupereka monga wanenera.

Chonde Asisi, kalatayi ikangofika musadikire kulemba, ndiyimbireni Lachisanu isanakwane thwelofu, Amayi asanafike pakhomo. Mundikalipire ngati mukufuna, koma musadule foni mpaka nditakulonjezani kuti ndinena. Minibasi ya ku Tamanda imanyamuka Loweruka m'mawa.

Ndine mng'ono wanu,
Elesi