Mtima wa a Willard Namakhwa ndi Njinga Yawo

Komiti yoona za ambulansi ndi odwala mwadzidzidzi, Machinga ndi Balaka

Tsiku: Lachinayi, 14 Ogasiti 2025
Malo: Chipatala chaching'ono cha Nakalambo, kufupi ndi Ntaja

Opezeka: Mayi Bernadetta Makwinja, wapampando, a Emmie Jali, dokotala wochokera ku Balaka, a Clever Pitala, namwino wa mu ambulansi, Fauziya Saidi, mlembi.
Oyitanidwa: a Willard Namakhwa, akabaza a pa Ntaja, Mayi Lukiya Amadu, ogulitsa tomato.
Osapezeka: a Emmanuel Chipojola, dalaivala, amene anapita ku Nayuchi kukatenga wodwala.

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula msonkhano nthawi ya 9:20 m'mawa ndi pemphero. Anapempha kuti mamembala azilankhula mmodzimmodzi, akuyang'ana kwa a Pitala.

2. Dandaulo la a Namakhwa

Wapampando anati mwezi watha a Namakhwa anagwa panjinga, ndipo a Pitala atafika ndi ambulansi anawayeza ndi makina atsopano a ECG, ojambula kugunda kwa mtima. Pepala lotuluka m'makinawo linaonetsa kuti mtima ukugunda ka 44 pa mphindi. A Pitala anawauza pagulu kuti mtima wawo ndi wofooka, asapalasenso njinga. Kuyambira tsikulo a Namakhwa sakugwira ntchito, ndipo pa Ntaja pafalikira mbiri yoti angafe ndi munthu pakaliyala. Mlembi, amene ankakwera njingayo tsiku ndi tsiku, akubwera kuntchito wapansi.

A Pitala anati iwo sanapeke kanthu. Anati kusukulu anaphunzira kuti mtima usamatsike pansi pa 60, komanso munthu anali atagwa, ndiye akanati chiyani?

A Jali anafunsa ngati a Namakhwa anakomoka n'kugwa, kapena anagwetsedwa ndi china chake. A Pitala anati sanafunse chifukwa maso awo anali papepala.

Mayi Amadu, amene anali pakaliyala tsikulo, anati: "Iyayi, sanakomoke. Inali mbuzi. Munthu wokomoka angaitukwane mbuzi choncho?" Wapampando anawaletsa kubwereza mawu amene mbuziyo inauzidwa.

3. Kuwerenga pepala

A Jali anayala pepalalo patebulo. Anaonetsa kuti mizere yosongoka yatalikirana mofanana, ndipo kutsogolo kwa mzere uliwonse kuli kachitunda kakang'ono, palibe pamene kasowa. Anati mtima wotero ndi wodekha chabe, ndipo umapezeka mwa anthu olimbitsa thupi kwambiri. Anati munthu wokwera zitunda atanyamula Mayi Amadu ndi madengu awo sangakhale ndi mtima wa munthu wa mu ofesi. Mayi Amadu anapempha kuti zilembedwe kuti cholemera ndi tomato.

A Jali anachenjeza kuti mtima wochedwa umapha ngati munthu akukomoka, akuchita chizungulire, akubanika kapena akumva kupweteka pachifuwa, komanso ngati mizere ikudumpha. Wotero atengeredwe kuchipatala osazengereza. A Namakhwa anati zonsezo sanazimvepo.

A Pitala anati sakhutira mpaka aone okha. A Namakhwa anaikidwa mawaya, mtima unali pa 46. Anauzidwa kukwera ndi kutsika masitepe a pakhonde, ndipo atayezedwanso unapitirira 100, mizere ili m'malo mwake. A Pitala anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, kenako anati alakwa ndipo zawapweteka mtima. Mlembi anali asanawamvepo a Pitala akunena mawu otere.

A Namakhwa anafunsa motsitsa mawu: "Adokotala, ndiye ndikapalase?" A Jali anati akapalase, koma akadzamva chizungulire abwere msanga.

Komiti inagwirizana kuti:
a) wodwala azifunsidwa kaye chomwe chachitika makina asanayatsidwe;
b) pepala lokayikitsa lizijambulidwa pafoni n'kutumizidwa kwa a Jali;
c) zotsatira zisamalengezedwe pamsewu.

4. Zina ndi zina

A Namakhwa anathokoza, koma anati pepala aliona anthu a m'chipinda chino okha, pamene mawu a a Pitala anamveka msika wonse. Anati ngakhale lero abwera akukankha njinga, ana akuwaloza. Wapampando anaganiza zolemba chidziwitso. A Pitala anati iyayi, chidziwitso sawerenga anthu a pa Ntaja. Anati akwera okha pakaliyala atavala yunifolomu, ndipo a Namakhwa adutse nawo pakati pa msika, kupita ndi kubwera. Onse anavomereza.

5. Msonkhano wotsatira

Udzachitika pa 11 Sepitembala 2025 ku Phalula.

6. Kutseka

Msonkhano unatsekedwa nthawi ya 11:05 ndi pemphero la Mayi Amadu. A Pitala ndi a Namakhwa sanakhale nawo papempherolo, anali atatuluka kale pageti, belu la njinga likulira.

Wapampando: Bernadetta Makwinja ____________

Mlembi: Fauziya Saidi ____________