Makina 2, Filimu Yopanda Gawo Loyamba

Lolemba, 5 Ogasiti 2024

A Goodman, mkulu wa mapulogalamu kuwailesi kwathu, andipatsa fulashi m'mawa uno. Akuti, "Jalia, Loweruka lino za nyimbo uzisiye kaye, uunike filimu iyi. Migowi yonse ikukamba za iyoyi, ife tokha tili duu." Mphindi zanga khumi zonse zipite pamenepo.

Pafulashipo amatapo kapepala: MAKINA 2, WABWERANSO. Ndafunsa kuti nanga wani yake ili kuti. Akuti ndifufuze ndekha, ntchito yake ndi yomweyo.

Ndayamba kuonera masana pa laputopu ya kuofesi. Mphindi makumi anayi zatha, makinawo osaoneka. Ine ndimadikira chigayo, kaya thirakitala yolowedwa ziwanda. Palibe. Pali azungu m'nyumba yosanja, kunja kuli mbee ndi chipale chija chimagwa kwawoko, ndiye pali chimunthu chachitali, chikhothi chonyowa, fosholo paphewa. Chikagogoda pachitseko, wotsegulayo wapita.

Womasulira m'Chichewa ndi Elton, uja wa kashopu kobena mafilimu kuseri kwa msika. Mafilimu ake a karate ndimaseka mpaka nthiti kuwawa. Mu iyi sanaseketsemo ngakhale kamodzi.

Magetsi azima ndisanamalize.

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Ndamaliza. Ndabwerezanso. Ndasokonezeka kuposa dzulo.

Choyamba, Makina si makina. Ndi dzina la mzukwa wa fosholo uja. Mzungu dzina lake Makina? Chabwino.

Chachiwiri, zimene maso akuona ndi zimene makutu akumva sizikukumana. Pachithunzi anthu akuthawa pamasitepe, Elton akuti, "Akuthamangira kudoko." Doko liti? Madzi mulibe mufilimu monse. Chipale chija akuti ndi mchere, nyanja inauma. Mayi wina wa tsitsi lofiira akulira pafoni, iye akuti akuitanitsa matemba.

Ndiye mzukwawo. Ukapha munthu umayang'ana kukamera, nkumwetulira, mano bii, nkuyankhula. Nkhope yosangalala zedi. Koma mawu a Elton pamenepo ndi otsika, ngati munthu akudandaula pamaliro: "Sindinaphe munthu ine. Ndinangopeza bwato bukuyandama, ndinabukokera kumtunda. Munandifunsa?" Kasanu konse akubwereza zomwezo.

Sanaphe munthu, koma wangomaliza kumene kudula wina ndi fosholo? Nanga mkazi uja anafera m'bafa uja bwanji akuonekanso kumapeto akuyendetsa galimoto? Kapena ndi awiri ofanana. Azungu a mufilimuyi onse avala zipewa zaubweya, sindikuwasiyanitsa.

M'munsi mwa chithunzi Elton anaikamo chikwangwani chachikasu cha nambala yake ya foni, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Pena pake ndaona timitu ta zilembo tikusuzumira pamwamba pa chikwangwanicho. Ndiye kuti pansipo pali mawu olembedwa, iye anawaphimba.

Zimene ndalemba za Loweruka mpaka pano: "Omvera athu, filimu iyi..." Basi.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Ndazungulira mavidiyo sho atatu kufunsa wani yake. Wina akuti inaletsedwa, wina akuti anaionera ku Mozambique koma waiwala mmene imathera, wachitatu wandiseka.

Kuofesi ndimadandaulira a Belita, aja amawerenga mauthenga a maliro. Ndati dzina lokhalo likundibalalitsa, Makina. Anasiya kulemba, nkundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Iwe unakulira ku Limbe eti, nchifukwa chake. Makina anali munthu. Wakwathu kunyanja."

Akuti chaka chija nyanja ya Chilwa inaphwa kwambiri, msodzi wina anasowa masiku atatu, kenako anapezeka m'mabango atafa. Bwato bwake anabupeza kwa Makina. Anthu padoko sanadikire apolisi. Miyala ndi nkhafi. Pofika masana nkhani inali itatha, ndipo palibe anamangidwa. Mkazi wa malemu Makinayo, mayi Rozaria, alipo, amayanika matemba konko. Chiyambire filimuyi ana akumawakuwiza panjira kuti "Wabweranso! Wabweranso!" Mwana wawo wamkazi, Princess, wasiya kupita kumsika.

"Ukaiyamikira filimu imeneyo pawailesi, ine ndi iwe tisiyana," atero a Belita.

Ndinakwiya. Ndalemba tsamba lathunthu lomutsuka Elton: munthu wopanda chisoni, wodyera pamaliro a anzake. Ndinamva bwino polemba. Koma powerenganso ndakumbukira mawu otsika aja. Munthu wonyoza sayankhula choncho.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Kwa Elton. Kashopu kake nkodzaza ndi mafoni otchaja, sipika ikulira pakhomo. Atandiona anaitsitsa yekha. Ndi munthu wa zaka ngati makumi atatu, wowonda, maso ofiira ndi kompyuta.

Ndati, "Achimwene, ndikufuna filimuyi mmene inabwerera, yopanda mawu anu."

Sanakane. Waiika, tonse tikuonera. Chiyankhulo chake sindikuchidziwa, iyenso akuti sachidziwa, koma pansi pali Chizungu chothyokathyoka. Mzukwawo dzina lake ndi lina, lalitali, la zilembo zosatchulika. Anali chigawenga chimene chinapha anthu khumi ndi mmodzi, boma nkuchinyonga, ndiye chabwera kudzamaliza amene anachichitira umboni kukhoti. Paja pamene Elton amati "Sindinaphe munthu ine," chimene chalembedwa nchakuti, "Ndinawapha onse ndipo zinandikomera."

Mkazi wa m'bafa uja ndi mapasa. Chimodzi chokha ndamvetsa sabata ino.

Ndamufunsa chifukwa. Poyamba amazemba, akuti womasulira aliyense amathirako mchere, anthu safuna mayina ovuta. Ndati mchere wake ndi dzina la munthu wakufa? Mkazi wake ali moyo, mukudziwa?

Anaseweretsa waya wa tchaja. Kenako:

"Mwakhala mukufunsa wani yake m'mavidiyo sho, ndamva. Kulibe. Ine ndinangoipeza thuu yokhayi. Wani yake inachitikira padoko, ndipo ndinalipo."

Akuti anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, amagulitsa zitumbuwa za amayi ake kwa asodzi. Anthu atasonkhana, wina anafunsa kuti bwatobu anabwera nabo ndani. Iye anakuwa, "Ndi a Makina!" Anawaonadi akubukoka m'mawa, basi. China chilichonse sanaone. Mwala sanaponye, akutero. Koma mawu oyamba anali ake.

"Ndiye anapha kapena sanaphe?"

"Sindikudziwa, mlongo. Ndicho chimandidwalitsa. A Makinawo amakuwa kuti ndifunseni, ndifunseni. Palibe anafunsa."

Akuti atangoona chimunthu cha chikhothi chonyowa chikugogoda pazitseko, anatsegula maikolofoni nkuyamba kuyankhula, osakonzekera. Anamaliza filimu yonse ulendo umodzi. Sanaganize kuti ifika kunyanja. Pano akuti ili m'mafoni mpaka ku Chiwalo, sangaibweze.

Za ana okuwiza aja samadziwa. Nditamuuza anagwira kumutu.

Tsamba ladzulo lija ndaling'amba. Tsopano ndilibe kalikonse.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Ndapita kunyanja. A Belita anandilongosolera njira monyinyirika. Minibasi, kenako kabaza wa njinga yamoto, fumbi mpaka m'mano. Minda ya mpunga yangotsala ziputu.

Ndinapita ndi maganizo akuti ndikawajambule mawu mayi Rozaria akudandaula, ndidzawaulutse, filimuyo anthu aisiye. Zinali zomveka bwino m'mutu mwanga ndili m'minibasi.

Ndawapeza akutembenuza matemba pathandala. Mayi wamfupi, wamphamvu, Chichewa chawo chokoka Chilomwe. Princess anali pakhonde, wa msinkhu wangawu, sanandiyankhe moni. Nditafotokoza chimene ndabwerera, amayiwo anapukuta manja pachitenje.

"Aliyense akundiuza za kanemayo. Ine sindinamuone. Muli naye?"

Laputopu inali m'chikwama. Ndinayesa kukana, ndati ndi yoopsa, muli magazi. Akuti, "Magazi ndinawaona kale, mwanangu. Ikani."

Taonera pakhonde, dzuwa likuwala pagalasi mpaka tinachita kutchinga ndi lichero. Princess anachoka pa imfa yoyamba. Amayiwo anakhala njo, osaphethira. Chimunthu chija chitatulukira anati, "Iwo sanali aatali choncho." Pa mayi woitanitsa matemba pafoni anaseka pang'ono.

Ndiye panafika paja. "Sindinaphe munthu ine. Ndinangopeza bwato bukuyandama."

"Bwezani."

Ndabweza.

"Bwezaninso."

Kanayi. Sanalire. Anangoika dzanja pakamwa. Kenako anandifunsa, motsitsa, ngati tikubisa:

"Azunguwa anadziwa bwanji?"

 Iwo anapitiriza okha. Akuti zaka khumi ndi ziwiri akhala akunena zomwezo, kutchalitchi, kwa abale a mwamuna wawo, kwa aliyense, anthu nkumangoyang'ana pansi. Lero nkhaniyi yafika mpaka kunja, yabwerera pakanema, ndipo anthu a padoko omwewo akulipira kuti akaimve. "Asiyeni anawo azikuwa. Akuti wabweranso? Eya. Abwere awauze."

Princess anayankhira m'nyumba: "Amayi, bambo anga sanali chiwanda cha fosholo! Mukusangalala ndi chiyani?" Anakangana m'Chilomwe, ine ndinangotolapo dzina langa ndi liwu loti wailesi.

Sindinajambule kalikonse. Sindinawauze za Elton, sindinawauze zimene zalembedwa pansi pa chikwangwani chachikasu. Pondiperekeza anandipatsa matemba m'kapepala, nkunena kuti mawa amvera pafoni ya Princess. "Mukanene kuti kanemayo ndi woona."

Ndinati ndiyesetsa. Kuyesetsa chiyani, Jalia?

Pobwerera ndamuimbira Elton, ndamuuza zonse, mpaka funso lija la azungu. Anangoti "Mm," foni nkuduka. Kaya ndi netiweki.

Loweruka, 10 Ogasiti, m'mawa

Ndalemba mapepala atatu a zokanena pawailesi, onse abodza penapake. Pulogalamu ili 2 koloko.

Loweruka lomweli, madzulo

Sindinawerenge pepala lililonse.

Ndati, "Omvera athu, ndaonera filimuyi kanayi ndipo sindikuimvetsa." A Goodman kuseri kwa galasi anatukula manja. Ndapitiriza. Ndati pachithunzi ndi filimu wamba: magazi ake akuoneka kuti ndi penti, nkhani yake ndi yodukaduka, fosholo yomweyo mpaka kutopa nayo. Pa khumi ndingaipatse atatu. Koma mawu ake ndi nkhani ina, ndipo imeneyo sindingaipatse malikisi, chifukwa muli dzina la munthu amene anakhalako, ali ndi mkazi ndi mwana amene akumva pano. Ndati makolo auze ana awo asiye kukuwiza anthu panjira. 

Kuti filimuyo ndi yoona sindinanene. Kuti ndi yabodza sindinanenenso. Ndinazungulira ngati nkhuku yofuna poikira.

Mafoni ndiye anavuta. Mnyamata wina akuti ndine wansanje, Elton ndi dolo. Mayi wina akuti iletsedwe, mwana wake akukodza pogona. Wina wa ku Chiwalo wafunsa mwachindunji, "Achemwali, tiuzeni, Makina anapha kapena ayi?" Ndati sindikudziwa, ndipo ndikuganiza kuti amene anali padoko tsiku lija nawonso samadziwa. Kenako panaimba bambo wina wachikulire. Anapereka moni, nkunena kuti, "Ine tsiku limenelo..." Ndimamva akupuma. Masekondi ngati khumi pawailesi, zii. Anadula.

A G. akuti chiyambire sanamvepo kuunika filimu kosalongosoka ngati kumeneku, koma mafoni sanalirepo chonchi, ndiye sakudziwa kaya andikalipire.  Potuluka, a Belita anangondikonza mpango paphewa.

Panja ndinapeza Elton atakhala pa njinga yake yamoto. Wati, "Mawa mundiperekeze kwa mayi Rozaria. Ndekha ndikabwerera panjira."

Lamulungu, 11 Ogasiti

Tanyamuka m'ma 10, kuti tikawapeze atabwera kutchalitchi. Panjira Elton anandifunsa kawiri ngati ndikuganiza kuti anyamule shuga. Tinagula. Pafupi ndi doko anaima, akuti tayala lachepa mpweya. Linali bwinobwino. Ndinangomudikira.

Princess anatiwona koyamba. Anandiyang'ana ine, nkuyang'ana mlendoyo, nkuitana amayi ake osasuntha pamene anaima.

Mayi Rozaria anatuluka akadali ndi chitenje cha kutchalitchi. Kwa ine anati, "Dzulo munazungulira, mwanangu. Koma ana aja lero sanakuwe." Kenako anatembenukira kwa Elton.

Iye anavula kapusi, nkugwada pafumbi pomwepo, shuga ali m'manja.

"Muli bwanji, amayi. Ine dzina langa ndine Elton. Ndabwera kuti..."

Sanamalize. Amayiwo anali atapendeketsa mutu, ngati akumvetsera chinthu chakutali.

"Tayankhulaninso."

"Ndati ndine Elton, amayi."

"Mawu awa," anatero, akuyang'ana ine. "Mawu awa ndi a mukanema muja."

 Ndinaona nkhope yawo ikusintha pang'onopang'ono, ndipo sindikudziwa kuti imasinthira kuti. Anayang'ana munthu wogwadayo nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka kumaondo.

"Princess, tenga mkeka," anatero. "Bambo awa ali ndi zoti andiuze. Ndipo ine ndili ndi zoti ndiwafunse."