Ndalama Zosanunkha Nsomba

Nangongwe, Kafue
21 Febuluwale 2025

Okondedwa Atate,

Lolemba lapitali kunabwera anthu atatu a boma pa buthi yanga yotumizira ndalama. Anatenga mafoni onse awiri ndi buku, nakhoma loko yawo pachitseko. Sanandimenye, musade nkhawa. Ndalemba kalata chifukwa pafoni mawu awa akukana kutuluka.

Kaya muli bwanji ku Katete, mwendo uja ukuvutabe?

Nkhani inayamba mu Juni chaka chatha. Kunabwera mtsikana wa ku yunivesite ku Lusaka, dzina lake Miriam, kudzafunsa ife a mabuthi mmene ndalama zimayendera. Anati akufufuza mmene mbava zimachapira ndalama zakuba kuti zioneke zoyera. Ine ndinaseka. Ndinati, "Ba sisita, ine ndinalekera giredi seveni. Mapepala anuwo mwana sangadye." Iye anati, "Ndiye ndiphunzitseni inuyo, ba Daliso, ine ndimangodziwa za m'buku."

Atate, palibe wophunzira amene anandipemphapo nzeru. Ndinadzimva munthu. Ndinamuuza kuti ndalama za amayi ogulitsa nsomba a ku Chanyanya zimabwera zonyowa, zokwinyika, zonunkha. Ndinamuuzanso kuti Disembala akafika, boma likatseka mtsinje, amayi aja amasowa mpaka Malichi, malaini awo a foni amagona tulo. Iye ankangolemba.

Amene sindinamutchule ndi ba Jethro, kasitomala wanga wamkulu. Ankati amagula nsomba zambiri n'kutumiza ku malire. Ankabwera katatu pa sabata ndi ndalama zatsopano zomanga ndi mphira, n'kumati ndizigawe pang'onopang'ono m'malaini a mayina osiyana. Ulendo uliwonse ankandisiyira K150. Mwana wathu Purity anali atangobadwa, lendi itakwera. Sindinafunse. Kenako anati akufuna laini ina, ya munthu wamkulu wakumudzi amene sadzafunsa kanthu.

Mukukumbukira mutabwera kudzaona mdzukulu wanu, ndinakujambulani mutagwira reji yanu, chiphaso cha unzika chija, ndinati ndi za fetereza? Munavala jekete, munati chithunzi cha boma chimafuna ulemu. Sizinali za fetereza, Atate. Laini ija ili m'dzina lanu.

Tsiku lina Miriam anapeza ba Jethro akuchoka. Anayang'ana mtolo uli m'manja mwanga, nati, "Za nsomba izi? Nanga bwanji sizikununkha?" Ndinati ali ndi firiji. Sanaseke. Anandisiyira nambala yake pakapepala, anati munthu akanena yekha asanamupeze, mlandu umapepuka. Kapepalako ndinatsekera pobowoka pa zenera la buthi.

Lolemba lija ndinafunsa wamkulu wa anthu a boma aja kuti andipeza bwanji. Anati, "Tikufuna malaini amene amati ndi a nsomba koma sanagone mtsinje utatsekedwa." Anali mawu anga omwe, otuluka mkamwa mwa munthu wa tayi.

Ndinasolola kapepala kaja n'kuimbira Miriam pafoni ya mnzanga, ndinamukalipira. Anati dzina langa sanapereke kwa munthu, anangolemba zimene anaphunzira, ndipo zinawerengedwa pamsonkhano wa ofufuza milandu. Anati, "M'masamba mazana awiri, chimene anatola ndi chanu chija." Ndikanafuna kumuda, koma ananama pati? Msampha ndinatchera ndine, mwendo ndi wanga.

Foni ya ba Jethro siyikulira. Akuti ndalamazo zinali za mankhwala obedwa m'zipatala.

Mkazi wanga Emelia wapita kwa amayi ake ku Chanyanya ndi mwana. Sanakuwe. Anangomanga chitenje nati, "Ngati unagulitsa dzina la atate ako, langa ndi la Purity zili pa mtengo wanji?" Anasiya kansapato kamodzi ka Purity pansi pa bedi. Ndimakaona m'mawa uliwonse.

Anthu a boma aja adzafika kumeneko kudzakufunsani. Musaope, ndipo musanditeteze. Muwauze za fetereza ndi za jekete, muwaonetse kalatayi. Lachiwiri ndipita ku Lusaka, Miriam wandipezera loya woti ndikanene zonse pamaso pake. Zikatha bwanji sindikudziwa.

Mupereke moni kwa amayi. Muwawerengere poyamba pokha, pamene ndanena kuti sanandimenye. Muwauze kuti Purity wayamba kuimirira atagwira mpando, ndinamva kwa apongozi. Moni kwa Zione, alimbikire sukulu, asamaseke mapepala ngati mlongo wake.

Ndine mwana wanu, ngati mukulolabe,
Daliso

Za ng'ombe ija munagulitsa kuti nditsegule buthi sindinaiwale. Munandipatsa K6,000, ndabweza K2,200. Zimene ndinatumiza pa Khisimasi musaziwerengere, zinali za ba Jethro. Zatsala K3,800.