Masiku a Tuva Musawapereke Onse kwa a Bengt

Mechelen, Novembala

Wokondedwa mwana wanga Annelies,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino, pamodzi ndi amuna ako a Joakim ndi kamdzukulu kanga Tuva. Kodi mano ankamuvuta aja atuluka? Ine kuno ndili bwino, kupatula bondo lija lomwe limadziwiratu kuti mvula ikubwera. Tsiku la Oyera Mtima Onse ndinapita kumanda kwa mayi ako ndi maluwa achikasu. Azakhali ako a Godelieve anandiperekeza, ndipo anandikalipira njira yonse, popita ndi pobwera.

Chomwe ankandikalipiracho ndi chimene ndakulemberera. Pafoni sindikanatha kunena, chifukwa nthawi zonse kumbuyo kwako kumakhala asewere anga a Bengt, mwana ali m'manja.

Ukukumbukira Lamlungu lija tinkaonana pafoni? Ndinayandikitsa nkhope kuti Tuva andione bwino. Anandiyang'anitsitsa, kamlomo n'kuyamba kunjenjemera, kenako n'kukabisa nkhope m'ndevu za a Bengt. Nonse munaseka. Inenso ndinaseka, koma tsiku limenelo chakudya sichinalowe.

Ndiye iwe n'kuwonjezera kuti boma la Sweden limalola makolo kugawirako agogo masiku a tchuthi cholerera mwana, ndipo a Bengt akulipidwa. Munthu kulandira ndalama chifukwa chokankha kangolo ka mdzukulu wake m'misewu ya Falun! Ndisakubisire mwana wanga, ndili ndi nsanje, ndipo si yaing'ono.

Iwe utabadwa, boma lathu la Belgium linandipatsa masiku atatu basi. Limodzi linathera pamzere kokalembetsa dzina lako. Ndisanakuzolowere n'komwe, ndinali kale pachiwongolero cha basi. Zoti wayamba kukwawa ndinamva kwa mayi ako, zoti wayamba kuyendanso chimodzimodzi. Lero ndikuona a Joakim akhala pakhomo miyezi ndi miyezi, iwo akatopa abambo awo n'kulandira mwana. Banja limodzi kudya kawiri, ine ndikungomeza mate.

Nkhaniyi ndinaitulutsa kuntchito pa nthawi yopuma, ndipo zinali ngati ndaputa mavu. Dalaivala aliyense anali ndi dziko lake. Wim akuti moyo uli ku Norway, chifukwa ukadwala sakudula malipiro. Rachid akuti Wim sadziwa kanthu, kokoma n'ku Denmark, komwe ntchito ikatha sakusiya padzuwa. Fons, yemwe amadutsa malire pokhapokha akamva kuti kwina mafuta atsika mtengo, akuti kwanuko kumada anthu asanatsuke mbale za nkhomaliro, ndipo mowa weniweni amagulitsa m'sitolo ya boma yotseka Lamlungu. Akuti ndiye boma likanapanda kuwalipira, anthu onse akanathawa kalekale.

Anzanga ankangocheza, koma ine ndinapitadi kukafunsa ku ofesi ya penshoni. Mayi yemwe ndinamupeza anandiuza mwaulemu kuti masiku olerera mwana aja satumiza papositi. Wofuna kuwalandira ayenera kukhala ku Sweden komweko, boma lakumeneko n'kumamudziwa. Anatinso ndikachoka kuno zaka zanga zantchito zotsalazi zisanathe, penshoni yanga idzachokera ku maboma awiri, ndipo ndisadabwe ikadzachepako. Dokotala wanga wa bondo ndimusiya, nyumbayinso ndiigulitsa.

Azakhali ako atamva zimenezi anati ndazungulira mutu. Akuti munthu wa imvi sasamukira kozizira chifukwa chochitira nsanje ndevu za mwamuna mnzake. Akuti ndikamadzatha kupempha madzi m'chinenero chanucho, Tuva adzakhala akundikonza ngati mphunzitsi. Kenako anandifunsa kuti manda a mkazi wanga azidzasamala ndani. Pamenepo ndinangowerama n'kumazula udzu.

Chomwe sakudziwa n'choti ndayamba kale sukulu yamadzulo yophunzira Chiswidi. M'kalasimo wamkulu ndine, ndipo lilime langa ndi lolemera kuposa la aliyense. Ndamvanso kuti kwanuko madalaivala a basi sakwanira. Chipale chofewa sindichiopa, basi ndi basi.

Tsono pempho langa ndi ili. Unanenapo kuti masiku ena amasungika mpaka mwana atasinkhukako. Musawapereke onse kwa a Bengt. Ndikudziwa kuti ndi munthu wabwino, ndipo chimenecho ndiye chikundipweteka kwambiri, chifukwa akanakhala woipa ndikanapeza podandaulira. Iwo akhuta kale. Undisungireko ochepa, ngakhale a sabata imodzi. Si ndalamazo ayi. Ndikungofuna kuti nanenso ndikhale munthu yemwe mwanayo angathawireko akaona nkhope yachilendo.

Koma pali china chachikulu, ndipo ndakhala ndikuchizungulira kuyambira pamwamba pa kalatayi. Ndayerekezera mayiko onse, za chipatala, za penshoni, za tchuthi, ndipo funso lililonse lili ndi ofesi yake. Funso limodzi lokha ndiye palibe ofesi ingandiyankhe. Chichokereni kuno, sunanenepo kuti ababa bwerani mudzakhale nafe pafupi. Umati bwerani pa Khirisimasi, bwerani m'chilimwe, ndipo tikiti yobwerera umandigulira ndiwe. Mwina ndi ulemu, kuopa kundizula pano. Mwina kumeneko wapeza kale bambo wokwanira. Ine sindidziwa, ndipo ndatopa n'kulota.

Undiuze mosapita m'mbali, ndine wamkulu. Ukati bwerani, ndikatsanzika kuntchito chaka chino chisanathe, za penshonizo zione zokha. Ukati ayi, ndisiya sukulu ija mwakachetechete, ndipo palibe adzadziwe kuti ndinafunsapo, ngakhale azakhali ako.

Ambuye akusungeni nonse m'nyengo yozizirayi. Undiperekere moni kwa a Joakim. Tuva umupsompsone pamphumi, ndipo unditchule dzina pomupsompsonapo kuti adziwe kwachokera. A Bengt nawonso uwapatse moni, uwauze kuti ndathokoza pondigwirizira mdzukulu wanga.

Ndine bambo ako wodikira yankho,
Staf