Boti la Amalume ndi Masheya a Matilesi

Okondedwa amalume a Vernon,

Kuno ku Toledo tili bwino, kungoti kukuzizira. Bondo lija lasiya kukuvutitsani?

Mukukumbuka tsiku lomwe tinkadya nkhukundembo kwanu, inu n'kuseka mpaka kutsamwa? Munati masheya anu a kampani ya matilesi mumabwereketsa kwa anthu amene amawagulitsa pompo, poganiza kuti mtengo ukagwa adzawagula motchipa n'kukubwezerani. Munati chiwongoladzanja chimene obwerekawo amakulipirani chafika 200 peresenti pachaka, ndiye kwinakwake kuli chitsiru chimene chikukugulirani boti.

Amuna anga a Delbert sanaseke nawo tsiku limenelo. Ine ndinkangoti mwina ndi m'mimba.

Mtengo wa masheya aja sukugwa, amalume. Dzulo ndinawapeza a Delbert m'sitolo ya kampaniyo akunong'oneza ogula kuti, "Mayi, musayerekeze, matilesi amenewa amathyola msana!" Alonda anachita kuwatulutsa. Galimoto yathu nayo akuti ili ku garaja, mwezi wachiwiri uno, koma garaja yake saitchula.

Sindikupempha kanthu ayi. Koma botilo likafika, tsiku loyamba mudzawalole a Delbert akhale kutsogolo.

Moni kwa azakhali a Loretta.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Darlene