Makoma Ogumula Lachisanu

Amayi anga, kodi mukudzuka bwanji uko munapitako?

Ife kuno ku Dzivarasekwa tilipo, ngati kukhalapo n'kumeneku. Bambo akulonderabe pageti la fakitale ija ya ku Southerton, ndipo chifuwa chawo chakula. Ndikawaphikira masamba a bulugamu monga munkachitira inu, amalawa n'kukankha kapu, ati ndimaphika ngati munthu wa ku yunivesite. Anaphiri a khomo loyandikana nafe anachira, mwana wamkazi, ndipo anamutcha dzina lanu. Watengera ndi mawu omwe, akalira mzere wonse wa nyumba zathu umadziwa. Chimanga chimene tinabzala kudambo apolisi a khonsolo anachitchetcha chisanamasule n'komwe, ati chimabisa zigawenga. Chinali chongofika m'chiuno, Amayi. Zigawenga zake kaya n'zazifupi bwanji.

Ine ndikusitabe malaya a azungu kumalo ochapira zovala kuja. Manja amene analemba mayeso a zamalamulo lero amadziwa kolala iliyonse ya mu Salisbury. Musadandaule, sindinagwadire munthu kuti andibwezere ku yunivesite kumene anatithamangitsa, ndipo sindidzagwada.

Koma sindinakhale pansi kuti ndikuuzeni za makolala. Nkhani ndi ya Lekisoni, mwana wanu wotsiriza, amene munandisiyira. Tsiku lomaliza kuchipatala munandigwira dzanja n'kunena kuti, "Esinala, mlongo wakoyu asalowe kutchire. Mupezere ntchito ya manja, akhale pafupi ndi bambo ake." Anzake anali atayamba kale kusowa mmodzimmodzi, kuwoloka malire kupita kwa anyamata a nkhondo aja Ashona amangowatchula kuti vakomana. Ndinavomera. Maliro atatha ndinakamulembetsa kusukulu ya ntchito zamanja imene khonsolo imalipirira ndi phindu la mowa wa m'mabala a m'malokesheni. Amuna athu amamwa, ana awo n'kuphunzira. Lekisoni anasankha zomangamanga.

Ndikuuzeni mmene amaphunzirira, chifukwa inenso ndinadziwa mochedwa. Lolemba amasakaniza mchenga, laimu pang'ono ndi madzi, n'kuyamba khoma m'shedi yaikulu. Amamanga mpaka Lachinayi. Lachisanu amaligumula, kupala njerwa iliyonse, n'kuziunjika pakona kuti Lolemba ayambirenso. Njerwa zake ndi zomwezo chiyambire sukuluyo, m'makona munatha, zinasalala ngati sopo wotsala. Matope ake amawapanga dala osagwira kuti kugumula kusavute. Chaka chonse mwana wanu sanatsegulepo thumba la simenti. Sanakumbepo maziko, chifukwa makoma awo amaima pansi pa konkire ya m'shedimo. Iye sankaona cholakwika. Ankabwera madzulo atayera mbuu, n'kumayang'ana khoma la nyumba yathu ndi diso limodzi, ati amene anamanga anali ataledzera. Ndinkaseka, Amayi. Ndinkati ndakwaniritsa.

Chaka chitakwana, Bambo anati tikumangireni chiliza. Anadzimana fodya miyezi yambiri mpaka anagula simenti kwa munthu wina wa kunjanji ku Lochinvar, poti m'sitolo siipezeka. Lekisoni anakana kuti tiitane mmisiri. Anati, "Amayi anga amangiridwe ndi mlendo ine ndilipo?" Ndani akanamuletsa? Anthu a mpingo anabwera, ndi a bungwe lathu la maliro, azimayi atavala zoyera, kuimba nyimbo za kwathu zija munkazikonda. Iye anavula malaya n'kugwada pamanda panu. Anasakaniza monga anaphunzirira: mchenga wambiri, simenti n'kungowaza ngati mchere. Anayala njerwa pamwamba pa dothi lofewa la mandawo. Mizere yake inali yowongoka ngati ya m'buku. Abusa anamugwira paphewa, Bambo anatembenuka kupukuta m'maso. Simenti inatsala yambiri, ife opusa n'kumamuyamikira kuti ndi wosamala.

Inu munkati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Mvula yoyamba itagwa, wina wa mpingo amene anapita kukaika m'bale wake anabwera kudzatinong'oneza. Tinakapeza chiliza chitakhala pansi mbali imodzi, njerwa zitamwazika, mwala wa dzina lanu utagwa chafufumimba m'matope. Lekisoni anatola chibulumwa cha matope ake, anachifinya, chinayoyoka m'manja. Sanalire. Pobwerera, pamalo okwerera basi, mayi wina wa mzere wa kumtunda analankhula m'Chishona mokweza kuti timve: "Mabulandaya awa, ngakhale akufa awo sakhazikika." Ndi dzina lija amatinyoza nalo ife a ku Malawi. Ndinamuyankha, ndipo zimene ndinanena sindingalembe kwa inu. Koma Lekisoni anamva, ndipo masiku angapo chakudya chinkangomuzizirira patsogolo.

Ndinapita kwa ahedi a sukuluyo, bambo wonenepa wokonda tayi ngakhale dzuwa liswe mtengo. Anandilandira ndi mano onse. Anati, "Mayi, ife timaphunzitsa mzere ndi diso. Simenti akaidziwira kuntchito." Ndinafunsa kuti ntchito yake iti. Ndinawatchulira ana a anthu amene anamaliza pamenepo: wa aBanda akukankha wilibala ku Lochinvar, wa aMwale akugulitsa mazira owiritsa pabala, winayo akutchetcha kapinga wa mzungu satifiketi ili m'sutikesi. Nditchulireni mmodzi, ndinatero, mmodzi yekha amene akumanga nyumba yoti munthu agonemo. Anakonza tayi n'kunena kuti woyendera sukulu wochokera kukhonsolo akubwera posachedwa, makolo onse aitanidwa, ndikafunse komweko. Ankaganiza kuti ndiopa mzungu.

Tsikulo anasesa bwalo mpaka nyerere zinasamuka. Miyala ya m'mbali mwa njira anaipaka laimu, khoma la sabata imeneyo analisiya chiimire, ana anawaimika pamzere atavala maovololo obwereka kufakitale. Woyenderayo anali mzungu wachikulire, wa kabudula ndi masokosi ofika m'mawondo, nkhope yotopa. Anaika levulo yoyezera kuwongoka pakhoma, anagwedeza mutu. Anawerenga ana. Anawafunsa ngati akusangalala, onse pamodzi n'kuyankha kuti inde bwana, monga anawaphunzitsira dzulo lake. Anamwa tiyi. Kuyendera kunathera pamenepo, Amayi. Sanakankhe khomalo ndi chala n'komwe. Sanafunse kuti amene anamaliza chaka chatha ali kuti.

Ahedi atafunsa ngati pali kholo la mawu, ndinaimirira. Ndinalankhula Chingerezi chija munandigulira ndi mandasi anu a pasiteshoni, ndipo mzunguyo anaika kapu pansi. Ndinamuuza za chiliza chanu. Ndinati aitanitse thumba limodzi la simenti, asankhe mwana aliyense pamzerepo, amuuze asakanize. Ndinati mukuyeza bwanji sukulu ya amisiri osaona nyumba ngakhale imodzi imene anamanga? Mukuyeza chiyani kwenikweni?

Ndinkayembekeza kuti akalipa. Sanakalipe. Anandiyankha motsitsa mawu, ngati tili awiriwiri, poganiza kuti enawo sakumva. Anati: "Pepani za amayi anu. Koma ine sananditume kudzaona simenti. Simenti yonse ikupita kwa asilikali kumalire. Ngakhale anawa ataidziwa, mabungwe a amisiri achizungu sangawalole kugwira njerwa m'tauni. Ine anandituma kudzaona ngati anyamata amene analowa kumayambiriro kwa chaka adakalipo. Sukulu ina tinaitseka chifukwa anathawamo ambiri. Pano sipanasowe ngakhale mmodzi. Imeneyi ndi sukulu yabwino."

Ahedi analumpha kumasulira. Anauza makolo m'Chishona kuti bwana akuti sukulu yathu ikuyenda bwino kwambiri, tiombe m'manja. Ena anayamba kuomba.

Inu munkandiuza kuti, "Esinala, pakamwa si khomo la sitolo, sipafunika kutsegula tsiku lililonse." Ndinakumvani m'khutu tsiku limenelo, ndipo sindinakumvereni. Ndinatembenukira makolowo n'kumasulira mawu onse a mzunguyo, osachotsa, osaonjezera, poyamba m'Chishona kenaka m'Chichewa kuti azigogo a kwathu amene anakhala kumbuyo amve bwino. Ndinati ana athu sali pasukulu, ali m'khola. Amawawerenga monga munthu amawerengera mbuzi madzulo, ndipo mbusa amalipidwa mbuzi zikakwana. Kaya zadya, kaya sizinadye, si nkhani. Manja aja anaima m'malere. Mzunguyo anatenga chipewa chake n'kupita kugalimoto. Lekisoni anali pamzere, wachitatu kuchokera kukhoma, ataweramitsa mutu.

Sabata yotsatira anapita kusukulu masiku onse. Anamanga khoma lake, Lachisanu analigumula. Madzulo ake anakhala pakhonde ndi Bambo, kenaka anangoti, "Bambo, ine ndatopa kugumula." Bambo anaganiza kuti akunena za msana. Loweruka anasamba, anavala nsapato zake zolimba, anati akukaonera mpira. Mpira wake sunathebe mpaka lero.

Bambo sandiyang'ana kumaso. Anangonena kamodzi kuti, "Ukanakhala chete, mwana akanakhala pano." Mwina n'zoona. Akanakhala pano, akumanga Lolemba, akugumula Lachisanu, mpaka ndevu zitamera, kenaka n'kukakankha wilibala ya mzungu wosadziwa kugwira chingwe chowongolera njerwa. Ine sindipepesa, Amayi, ngakhale kwa inu. Sindine ndinapanga matope osagwira. Sindine ndinatuma munthu kudzawerenga mitu m'malo moyesa manja. Munati ndimupezere ntchito ya manja, ndinamupereka kumene boma linalemba pachikwangwani kuti kuli ntchito ya manja. Amene ananama ndi amene anadya ndalama za mowa wa bambo ake n'kumubwezera mwana wosatha kumangira mayi ake manda. Akanakhala ndi luso lenileni m'manja, mawu a mzungu uja akanangomudutsa ngati mphepo. Anamugwira chifukwa iye anali atafinya kale matope aja n'kuona.

Tsopano imvani mathero ake, museke ngati kumeneko mumaseka. Patapita masiku, ahedi anabwera kunyumba kuno, tayi ili pakhosi, chipewa chili m'manja. Anakhala pampando wanu. Anayamba ndi kufunsa za chifuwa cha Bambo, kenaka anafika pamfundo. Anati, "Achemwali, inu muli ndi mwayi umene anzanu alibe. Ndinu a ku Malawi. Tingonena kuti mnyamata wapita kumudzi kukasamala agogo ake. Wopita kwawo sawerengedwa ngati wothawa."

Kumudzi, Amayi. Lekisoni anabadwira pakiliniki ya mulokesheni, Dedza amangoimva m'nyimbo za Bambo. Chichewa chake n'chosakaniza ndi Chishona moti agogo akewo, akanakhala kuti ali moyo, sakanamumva. Moyo wathu wonse akhala akutiuza kuti ndife alendo, tibwerere kwathu. Lero kukhala alendo komweko kwasanduka mankhwala a sukulu yawo.

Ndinafuna kuwathira madzi a m'beseni. Koma anapitiriza, ndipo apa sananame. Anati iwo akakanena kuti mnyamata wasowa, apolisi a zachinsinsi afika pano mawa lake. Bambo akawatenga kukawafunsa, ndi chifuwa chimenechi. Ntchito ya pageti ithera pomwepo, ndipo nyumba ino ndi ya khonsolo, imayendera ntchito. Mlendo wopanda ntchito, wokhala ndi mwana kutchire, amamukweza sitima n'kukamutula kumalire. Ndinayang'ana Bambo, anali akuyang'ana pansi. Ndinayang'ana chitseko, chokhacho chimene Lekisoni amachidziwa padziko lonse ngati atabwerera.

Ndinapita nawo kuofesi ya woyang'anira lokesheni. Ndinaima mowongoka, ndipo m'Chingerezi changa chabwino chija ndinanena kuti mlongo wanga wapita ku Dedza kukasamala agogo ake odwala. Anandikhulupirira chifukwa cha Chingerezicho. Mwezi watha tinamva kuti sukuluyo yapatsidwanso ndalama za chaka china, ati ndi chitsanzo kwa zinzake, sipanathawe mwana ngakhale mmodzi. Yakhoza mayeso ake ndi pakamwa panga. Ana atsopano alowa, ndimakumana nawo m'mawa popita kubasi, akuyenda monyada. Ndikakumana ndi ahedi pamsewu amandivulira chipewa, amafunsa kuti agogo akupeza bwanji.

Sindikudziwa kumene mwana wanu ali. Usiku ndege za nkhondo zikamadutsa kulowera kum'mawa, kumene kuli anyamata aja, Bambo amadzuka n'kukhala pabedi mpaka phokoso litatha. Inu muli pamalo poona patali kuposa ife. Ngati wafika kale kumeneko, musandibisire, mundilotetse, ndilimba. Ngati sanafike, ndipo mukamuona akuyandikira, mum'kalipire monga munkachitira akalowa ndi matope m'nyumba, mum'bweze.

Ine lonjezo loyamba lija landipulumuka m'manja, koma ili ndilisunga. Khomo lino sindichokapo. Andiitane kuofesi kangati, ndidzanena Dedza, ndidzameza malovu owawa n'kunenanso Dedza, kufikira tsiku limene adzagogode yekha.

Ndimakukondani monga kale, ndi mkwiyo wanga womwe.

Ndine mwana wanu,
Esinala